Michombo Isanu ndi Itatu

Anabwera Lachiwiri dzuwa lili paliwombo,
natsika pa kabaza kuseri kwa msika wa Mangochi
pomwe ndimakhoma ndowa, mbaula ndi zothirira.
Dzina lake Norhata, mzamba wa kuchipatala.
Lilime langa linapunthwa, ndinati Nolata.
Anaseka, nati kwa mmisiri wa malata
likhale lomwelo.

Anatambasula pepala.
Mbale zisanu ndi zitatu zovundikira,
iliyonse ili ndi kanundu pakati.
"Kwathu ku Mindanao timati kulintang.
Mayi anga ankaimba pamaukwati.
Ndege inakana kulemera kwake."
Ine ndinati michomboyi ndikhoma,
koma mbale zosadyera n'zantchito yanji?

Tinadula mgolo wakale wa mafuta.
Ajibu mphwanga anagwira chitsulo, ine hamala.
Yoyamba inalira ngati chidebe chogwera m'chitsime chouma,
yachiwiri ngati mbuzi yachimfine.
Iye maso tsinzi, chala m'mwamba:
"Kwera pang'ono. Ayi, wapitirira. Tsika."
Zaka makumi atatu ndikukhoma
osadziwa kuti chitsulo chili ndi makwerero,
kuti ukagogoda mchombo mkati mawu amadzuka,
ukaugogoda kunja amagwada.

Tsiku lina anafika maso ali gwa, atachezera odwala.
Anakhala pa mbaula yosagulidwa nati,
"Chiyambi cha nyimbo ndi kugunda.
Ndimakumva usiku uliwonse, khutu pamimba ya mayi:
kamtima ka mwana kakuthamanga,
wa mayi wake ukuyenda wapansi,
iwiri m'thupi limodzi, osapondana."
Ndinati zimenezo si zachilendo kuno,
kamvereni ng'oma za beni zikamadutsa ku Mpondasi,
yaikulu ikuyenda ngati bwana,
zing'onozing'ono zikuilowa m'miyendo.

Tili pa mbale yachisanu, azana inamveka.
Ndinaika hamala pansi.
Iyenso anaika timitengo take, nakokera mpango kumutu.
Tinayang'anana.
Nyanja zingati pakati pa kwawo ndi kuno,
koma kuitana kwake n'komweku.
Chitsulo chinapitiriza kung'ung'udza chokha
mpaka chinazima,
ndipo chete amene anatsalayo
anati ndimusunge, nayenso ndi wa m'nyimbo.

Mwezi unatha. Zala zanga zinatupa.
Tinayala mbalezo pa zingwe ziwiri
m'bokosi la matabwa a tomato,
yaikulu kumanzere, kamng'ono kumanja.
Anayamba mofatsa ngati mvula yoyesa denga,
kenaka manja ake anasanduka anayi.
Mawu anakwera, natsika, nabwerera pomwe anachokera
atavala zina.
Akabaza anatsika panjinga.
Mayi wogulitsa zitumbuwa anaiwala chenje.
Iye sanationenso ife,
anali kwawo, pakhonde la mayi ake,
misozi ikudontha pa mchombo wachitatu.

Yachisanu ndi chimodzi inali yokhota mawu,
ndinaimva ndekha, manyazi anandigwira.
Ndinatola hamala.
Anandigwira dzanja: "Isiyeni.
Imeneyo ikuyankhula Chiyao."

Kenaka Ajibu, wosaphunzitsidwa ndi munthu,
anapempha timitengo,
nagwetsa pa mbale zachilendozo
mayimbidwe a mangolongondo a ku Namwera
omwe tinkaingitsira anyani m'munda.
Norhata anamvetsera kawiri,
kachitatu analowa pakati,
iye akamenya, Ajibu wasiya mpata,
Ajibu akamenya, iye wadumpha.
Sindinadziwenso nyimbo inali ya yani.

Anapita nazo kunyumba kwake tsidya la mlatho.
Ndalama anandilipira, ndinadya, zinatha.
Chomwe anandisiyira ndi matenda a khutu.
Masiku ano ndowa iliyonse ndimayamba ndaigogoda,
n'kupendeka mutu.
Ogula akudandaula kuti ndayamba kuchedwa.
Dzulo ina inalira bwino kwambiri
moti mayi atatambasula ndalama
ndinamunamiza kuti ikudontha.